Mbande Imafuna Mlezi

Mlendo wofika mu Blantyre m'mwezi wa Okutobala amachita chidwi ndi maluŵa a jakaranda amene amayoyokera m'miseu yakale ya mumzindamu. Koma akakweza maso kuyang'ana mapiri a Ndirande, Soche, Bangwe ndi Mpingwe, amaona miyala, minda ndi nyumba pamene kale panali nkhalango. Phiri la Ndirande linali ndi mitengo yambiri ya paini imene boma linabzala, koma kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 inagwetsedwa pafupifupi yonse m'nthaŵi yochepa.

Zotsatira zake tinaziona ndi maso. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku ndi kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. Mvulayo inali yoopsa ndithu, komabe phiri lopanda mizu yogwira nthaka silikanatha kuchedwetsa madziwo. Mtsinje wa Mudi nawonso umachokera ku Ndirande. Nthaka yokokoloka kumeneko imakathera m'damu la Mudi, limodzi mwa malo amene mzindawu umatungako madzi akumwa.

Kubzala mitengo si chinthu chachilendo kwa ife. Tsiku lobzala mitengo m'dziko lonse linayamba mu 1976, ndipo masiku ano tili ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka ana a sukulu, achinyamata, magulu a amayi ndi ogwira ntchito m'makampani amakwera mapiri ameneŵa atasenza mbande, popanda malipiro. Makalabu a zachilengedwe amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limalimbikitsa m'sukulu aphunzitsa ana ambiri kufesa mbeu m'nazale. Anthu otereŵa ayenera kuyamikidwa.

Nanga bwanji mapiri akali ambee? Chifukwa chachikulu nchakuti kubzala kumatenga tsiku limodzi, pamene kulera mtengo kumatenga zaka. Mvula ikakata mu Epulo, mbande imatsala yokha. Udzu umaiphimba, chiswe chimaidya, mbuzi zimaibudula. Mu Seputembala ndi Okutobala moto wa osaka mbeŵa umapsereza m'maola ochepa ntchito ya anthu mazana. Imene yapulumuka imakumana ndi chikwanje cha wofuna nkhuni. Sitingamunyoze msanga munthu ameneyu, pakuti mabanja ambiri mumzinda muno amaphikira makala ndi nkhuni. Nchifukwa chake gulu lanzeru limabzalanso keshya ndi mitengo ina yokula msanga pamalo apadera, kuti mbaŵa ndi mkuyu za m'mbali mwa mtsinje zisiyidwe.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Gulu limene lifuna kuti mitengo yake ikule liyambe ndi yochepa imene lingathe kuisamala. Dzenje likumbidwe mvula isanayambe, ndipo dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa. Mbande ibzalidwe mu Disembala kapena Januwale kuti mizu izame chilimwe chisanafike. Pozungulira pake papaliridwe, paphimbiridwe ndi udzu wouma, pamangidwe katchinga. Udzu ukayamba kuuma mu Juni, palambulidwe njira yotchinga moto. Koposa zonsezi, mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wodziŵika: kalasi lakuti, banja lakuti, wogulitsa pamsika wakuti amene adzakhale pamthunzi wake.

Tsono inu aŵerengi a ku Zingwangwa, Chirimba, Bangwe ndi Limbe, mvula ikubwerayi musafunse kuti tabzala ingati. Dzafunseni mu Novembala wa chaka chamaŵa kuti yamoyo ndi ingati. Mitengo khumi yopirira chilimwe iposa chikwi chimene chinaomberedwa m'manja tsiku limodzi ndi kuiŵalika. Amene anabzala jakaranda uja ambiri adapita kale, koma ana athu akuyendabe pamthunzi wake popita kusukulu.