Kwacha ya mu Januwale si ya mu Juni

Mukafuna kudziwa mwezi umene tili osayang'ana pakalendala, kaimeni m'mbali mwa msewu pa Mponela kapena pa Madisi m'boma la Dowa, muone katundu amene ali panjinga za anthu.

Mu Meyi ndi Juni njinga zimachokera kumidzi zitalemedwa ndi matumba a chimanga, soya ndi mtedza. Pobwerera zimanyamula malata, matiresi, zitenje ndi shuga. Mu Januwale ndi Febuluwale njinga zomwezo zimabwera ndi nkhuku ziwiri kapena kambuzi kolira pakaliyala, n'kubwerera ndi chimanga chosadzaza ndi ndowa yomwe. Pa Malomo ndi paboma ku Ntchisi zimakhalanso chimodzimodzi.

Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi si aulesi, ndipo dothi lawo si lokana mbewu. Kumeneku kumachokera fodya, soya, mtedza, nyemba ndi mbatatesi zimene zimadyetsa Lilongwe. Chimene chimawasautsa n'chakuti ndalama imalowa pakhomo kamodzi pachaka, pomwe imafunika tsiku lililonse.

Tawerengani nokha. Chimanga chili m'nkhokwe, inde, koma kuti chisanduke nsima pafunika ya kuchigayo. Mchere, sopo, machesi, mabatire a tochi ndi mayunitsi a foni sizimera m'munda. Chipatala cha boma n'chaulere, koma wakabaza amene akunyamula wodwala usiku si wa boma, ndipo zipatala za mishoni zimalipiritsa. Sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, komabe kope, cholembera ndi yunifolomu n'zogula. Pamaliro pamafunika chipepeso, kutchalitchi chopereka, pachinkhoswe kangachepe. Amene alibe kanthu m'thumba amayamba kuzemba anzake, ndipo pamsonkhano wa pamudzi mawu ake amachepa mphamvu.

Makolo athu sadayambe ndi moyo wotere. Kale ankasinthana makasu, mchere, nsalu ndi ziweto. Ndalama idalowa m'midzi ndi chikakamizo, pamene boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Kuti munthu apeze masheleni a msonkhowo ankayenera kukagwira ntchito kwa azungu kapena kulima mbewu yogulitsa. Pofika zaka za m'ma 1920, Dowa ndi Lilongwe adali atasanduka chimake cha fodya wa chikopa wolimidwa ndi anthu akumudzi. Mu 1971 kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa paundi ndi sheleni, ndipo mu 1990 alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima fodya wa bale, amene kale adali wa eni maesiteti okha. Ndalama idasintha dzina, fodya adasintha mtundu, koma kalendala yake idakhala yomweyo: malipiro amabwera msika ukatsegulidwa, basi mpaka chaka chamawa.

Ndili mwana ndinkadabwa ndi azakhali anga ena. Chaka ndi chaka ankagulitsa chimanga kwa mavenda atangokolola kumene, pamtengo wolira, kenaka mu Januwale n'kumakagula chimanga chonga chomwecho pamtengo wokwera kawiri kapena kuposa. Nditayamba kudziwa masamu ndidawafunsa.

"Azakhali, bwanji osangosunga chimangacho?"

"Iwe, amene adandibwereka ya feteleza adya masamu akowo?" adandiyankha motero.

Adali ndi mfundo. Munthu amene akugulitsa mu Meyi amadziwa bwino lomwe kuti mtengo udzakwera. Amagulitsa chifukwa ngongole yafika pakhomo, mwana akufunika kubwerera kusukulu, ndipo banja latha miyezi inayi osalawa shuga. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugula mbewu chaka chilichonse, koma venda amene ali ndi sikelo pansi pa mtengo ali ndi ndalama m'manja lero lomwe. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Mu Januwale zinthu zimatembenuka. Chimanga chakwera, mbuzi yatsika mtengo chifukwa aliyense akugulitsa yake, ndipo ganyu wachuluka omufuna. Mayi amasiya munda wake uli ndi udzu n'kukapalira wa mnzake kuti apeze ya ufa wa tsiku limenelo. Munda wosiyidwawo sudzabereka bwino, ndiye kuti njala ya chaka chamawa yabzalidwa kale. Kwacha imodzi yopezeka mwezi umenewu imagwira ntchito imene makwacha angapo a mu Juni sangagwire, chifukwa imasunga munthu m'munda mwake ndi mbuzi m'khola.

Nkhaniyi idayesedwapo m'boma la Dowa momwemu, ndipo dziko lonse lapansi lidaphunzirapo kanthu.

Mu 2006 dziko la Malawi lidakolola chimanga chambiri. Mvula idagwa bwino m'madera ochuluka, komanso chidali chaka choyamba cha makuponi a feteleza wotsika mtengo. Koma kumpoto kwa Dowa, m'dera la Mfumu Yaikulu Chakhaza, kudachita ng'amba chimanga chisadakhwime, ndipo mabanja ambiri adakolola zochepa kwambiri. Idali njala ya pakati pa zokolola. Chimanga chidalipo m'misika, chimene chidasowa ndi chogulira.

Chizolowezi cha nthawi imeneyo chidali kutumiza malole a chimanga. Bungwe la Concern Worldwide, ndi thandizo la ndalama lochokera ku boma la Britain, lidasankha njira ina. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007, mabanja oposa 10,000 ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi m'malo mwa chakudya. Ntchitoyi inkadziwika ndi dzina lachidule loti DECT.

Kalandiridwe kake kadali kachilendo. Wolandira ankapatsidwa khadi la ku banki ya Opportunity International, limene lidali ndi chidindo cha chala chake. Galimoto ya banki inkafika pamalo ogwirizana kufupi ndi midzi, munthu n'kuika chala pamakina, n'kulandira zake. Ambiri mwa anthuwa adali asadalowepo m'banki chibadwire. Masiku ano, pamene ngakhale agogo amalandira ndalama pafoni, izi zingaoneke zazing'ono, koma kumbukirani kuti Airtel Money idayamba mu 2012 ndipo Mpamba wa TNM mu 2013.

Padali mfundo zitatu zimene okonza ntchitoyi adaziganizira bwino. Banja lalikulu linkalandira zambiri kuposa laling'ono. Ndalamazo zinkasintha mwezi uliwonse potsata mtengo wa chakudya m'misika ya m'deralo, kuti zimene munthu walandira zizigula chakudya chofanana. Ndipo makadiwo adalembedwa m'maina a amayi.

Mfundo yomalizayi idali ndi chifukwa chake. M'madera a fodya, ndalama yaikulu imadutsa m'thumba la abambo, ndipo palibe wa ku Dowa kapena Ntchisi amene sadamvepo za bambo amene adapita kukatenga ndalama za fodya n'kubwerako patatha sabata ziwiri ali ndi wailesi yokha. Si abambo onse otero, tisawanamizire. Koma mayi ndiye amadziwa kuti ufa watsala wa masiku angati, ndipo ndalama ya mu Januwale ikafikira kwa iye, njira yopita kumphika imafupika.

Padali mantha akuti anthu akapatsidwa ndalama adzamwera kachasu. Akatswiri amene adaunika ntchitoyi itatha, motsogozedwa ndi Stephen Devereux, adapeza kuti gawo lalikulu la ndalamazo lidagula chakudya, makamaka chimanga. Zotsalazo zidapita ku zinthu zimene thumba la chimanga chaulere silingachite: kuchipatala, kusukulu, sopo, kubweza ngongole ndi zipangizo za kumunda. Anthu adachepetsanso maganyu n'kumagwira m'minda yawo.

Sikuti zonse zidali zokoma. Chaka chimenecho mtengo wa chimanga udatsika m'malo mokwera, ndiye ndalama zolandira nazo zidatsika. Kufotokozera munthu amene mwezi watha adalandira zambiri kuti lero alandira zochepa chifukwa chimanga chatchipa si ntchito yapafupi. Ndipo monga zimakhalira ndi thandizo lililonse, mzere wolekanitsa wolandira ndi wosalandira udadutsa pakati pa anthu oyandikana nyumba amene umphawi wawo udali wosasiyana kwenikweni.

Koma chimene chidatchukitsa Dowa ndi kafukufuku wina, wa Simon Davies ndi James Davey, amene adalondola ndalamazo kuti zidapita kuti zitachoka m'manja mwa olandira. Adapeza kuti kwacha iliyonse imene idaperekedwa idabala malonda a pakati pa K2.02 ndi K2.45 m'dera lomwelo.

Kodi kwacha imodzi ingabale bwanji ziwiri? Tiyerekeze kuti mayi walandira K1,000 ndipo wagula chimanga kwa mlimi mnzake amene adali ndi chotsala. Mlimiyo watenga ndalamayo n'kulipira telala amene wasokera mwana wake yunifolomu. Telala wagula usipa ndi tomato pamsika, wausipa walipira wakabaza amene adamunyamulira dengu lake, wakabaza wakagayitsa. Pepala ndi limodzi lomwelo, koma lagwira ntchito pamakomo asanu lisadatuluke kupita ku Lilongwe. Amene sadalembedwe m'kaundula wa olandira adadya nawo kudzera pamalonda. Chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana.

Chikadabwera chimanga cha pa lole, mabanja akadadya ndithu, koma telala, wausipa ndi mwini kagolosale akadangoyang'ana lole ikudutsa, ndipo mlimi amene adali ndi chimanga chogulitsa akadasowa womugula.

Apa tisathamange. Njirayi idayenda chifukwa chimanga chidalipo m'dziko ndipo amalonda ankatha kuchifikitsa. Amene adaona njala ya 2002 akudziwa kuti pali nthawi imene munthu amagona pamzere pa Admarc ndalama ili m'manja, n'kubwerera chimanjamanja. Ndalama sidyedwa. Imagwira ntchito pokhapokha pali chogula.

Chaka chomwecho cha 2006 boma lidayamba kuyesa Mtukula Pakhomo ku Mchinji, ndipo pofika 2018 udali utafika m'maboma onse 28, kuphatikizapo Dowa ndi Ntchisi. Koma umenewu ndi wa mabanja ovutikitsitsa amene alibe wogwira ntchito, pafupifupi limodzi mwa mabanja khumi alionse. Ena onsewo, ngati azakhali anga aja, Januwale amalimbana naye okha.

Akapanikizika amapita kwa wakatapila. Wobwereka K20,000 amatha kuuzidwa kuti adzabweze K30,000 kapena kuposa pamwezi umodzi, ndipo ena amagwirizana kuti adzabweza ndi matumba a soya kapena chimanga akakolola, pamtengo umene wobwereketsayo wanena. Ndiye chifukwa chake mbewu zina zimakhala zitagulitsidwa kale zikadali m'munda, mwini wake akungozilondera.

Banki mkhonde yachepetsako ululu umenewu. Anthu a mudzi umodzi, ambiri mwa iwo amayi, amasonkha masheya sabata iliyonse, kubwereketsana pachiwongoladzanja chimene agwirizana, n'kudzagawana zonse pakutha pa chaka. Chiwongoladzanja chake si chaching'ono ayi, koma chimabwerera kwa eni ake. Magulu ambiri amagawana mu Disembala, ndipo ena amadandaula kuti ndalamazo zimathera Khrisimasi. Ine ndimaona kuti mwezi umenewu ngwabwino ndithu kwa mlimi, chifukwa ndi pamene feteleza wobereketsa akufunika ndiponso njala ikuyamba kugogoda. Gulu logawana mu Juni limangothira madzi m'mtsinje wodzaza kale. Chofooka cha banki mkhonde n'chakuti mamembala onse amafuna ngongole mwezi umodzi womwewo, pamene m'bokosi muli mopepuka.

Mdani wina wa wosunga ndi kuchepa mphamvu kwa kwacha. Mu 2006 pepala lalikulu kwambiri lidali la K500. La K1,000 lidabwera mu 2012, la K2,000 mu 2016, la K5,000 mu 2022. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene adakwirira ndalama za soya m'chitini mu Juni 2023 kuti adzagule feteleza mvula ikagwa adapeza kuti chitini chili chodzaza monga adachisiyira, koma matumba amene chikadagula achepa.

N'chifukwa chake mlimi wochenjera wa ku Ntchisi amasandutsa ndalama yake kukhala chinthu msanga: feteleza wogula msika wa fodya ukadali mkati, malata, nkhumba kapena mbuzi. Mbuziyo ndiye buku lake la kubanki. Imaswa, siidya ndalama za pamwezi, ndipo sifuna chitupa. Kuipa kwake n'kwakuti tsiku loitulutsa m'khola limakhala lomwelo limene mudzi wonse ukutulutsa zawo, ndipo wogula pa Mponela amadziwa kuti mwini wake sabwerera nayo kunyumba.