Nsawawa ndi paini zimakonda kozizira koma sizifuna malo amodzi

M'madera okwera ndi ozizira monga Dedza, Ntcheu, Zomba ndi mapiri a Viphya, nsawawa ndi mitengo ya paini zimapezeka moyandikana kotero kuti anthu ambiri amaganiza kuti pomwe chimodzi chachita bwino, chinzakenso chichita bwino.

Maganizo oterewa ndi olakwika, ndipo akalowa m'mapulani a makhonsolo kapena a mafumu pogawa malo, chotsatira chake ndi mbande zokwinimbira, madimba ouma komanso kuonongeka kwa ndalama. Zomera ziwirizi zimafanana pokonda nyengo yozizira, koma zimasiyana pa nthaka, madzi, chisamaliro ndi nthawi yomwe mlimi amadikira phindu.

Pomwe zikufanana

Nsawawa imakula bwino kukamatentha madigiri a pakati pa 13 ndi 21. Kutentha kukafika madigiri 30, maluwa amayoyoka ndipo makoko amatuluka ochepa. N'chifukwa chake alimi ambiri amaidzala mvula ikamatha, kuyambira Marichi mpaka Juni, ndipo imachuluka m'misika monga ya Lizulu ndi Tsangano m'miyezi yozizira.

Paini nayenso ndi mtengo wa kumapiri. Mtundu wa Pinus patula, womwe unadzalidwa kwambiri ku Chikangawa, ku Dedza ndi pa phiri la Zomba, kwawo ndi kumapiri a dziko la Mexico. Umafuna malo okwera, ozizira, olandira mvula yosachepera mamilimita 1,000 pa chaka. Mtundu wa Pinus kesiya, wochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, umapirirako kumalo otsikirapo ndi otentherapo.

Zonse ziwiri zimafuna dzuwa lokwanira ndipo zimadana ndi nthaka ya lowe, momwe madzi amaima ndi kuoletsa mizu. Kufanana kwake kumathera pomwepa.

Nthaka ndi chakudya

Nsawawa imafuna dothi lofewa, lachonde, lokhala ndi manyowa komanso lopanda asidi wambiri, la muyezo wa pH wa pakati pa 6 ndi 7.5. Paini amakula bwino m'dothi la asidi, la pH ya pakati pa 4.5 ndi 6, ngakhale litakhala lopanda chonde chokwanira chimanga, bola likhale lakuya ndi lolowa madzi msanga.

Kusiyanaku kumachokera ku mizu. Mukazula nsawawa mumaona timibulu pa mizu yake. M'timibulumo mumakhala mabakiteriya omwe amatenga nayitirojeni mu mpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, monga zimachitikira pa nyemba, soya ndi mtedza. Mabakiteriyawa sagwira bwino ntchito m'dothi la asidi wambiri, choncho nsawawa yodzalidwa pamalo otere imachita chikasu pokhapokha mlimi atathirapo laimu. Feteleza wambiri wa nayitirojeni sathandiza chifukwa amachulukitsa masamba m'malo mwa makoko.

Paini alibe timibulu totere. Iye amadalira ulusi wa bowa womwe umakuta timizu take n'kumamuthandiza kuyamwa madzi ndi fosifolasi. M'maiko ambiri a mu Africa, mbande zoyamba za paini zinkakwinimbira mpaka akatswiri atazindikira kufunika kwa bowayu. Pa chifukwa chimenechi, dothi lodzaza m'machubu ku nazale limasakanizidwa ndi dothi lotapa pansi pa mitengo yakale ya paini. Nazale ya m'mudzi yomwe yadumpha ndondomekoyi imatulutsa mbande zachikasu zosachedwa kufa.

Madzi

Mizu ya nsawawa sipita pansi kwambiri, motero mbewuyi imafuna chinyezi chosadukiza, makamaka ikamachita maluwa ndi pomwe makoko akudzaza. Kusowa madzi kwa masiku ochepa pa nthawiyi kumachepetsa zokolola. M'miyezi yopanda mvula, ulimiwu umadalira madimba ndi mthirira.

Paini sathiriridwa akachoka ku nazale. Amaokeredwa mvula ikakhazikika, m'nyengo yodzala mitengo yomwe imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, ndipo akagwira amatunga yekha madzi pansi. Koma mtengowu sutaya masamba onse m'chilimwe, choncho umamwa madzi chaka chonse.

Kafukufuku yemwe anayamba m'zaka za m'ma 1930 ku Jonkershoek, m'dziko la South Africa, anaonetsa kuti nkhalango za paini zimachepetsa madzi oyenda m'mitsinje. Lamulo la za madzi la dzikolo la 1998 limaika nkhalango zodzala za malonda m'gulu la ntchito zochepetsa madzi m'mitsinje, zomwe zimafuna chilolezo. Phunziro lake kuno kwathu n'lakuti paini wodzalidwa pa kasupe kapena m'mphepete mwa mtsinje akhoza kuumitsa madimba omwe alimi a nsawawa akudalira kumunsi.

Miyezi itatu ndi zaka 25

Nsawawa imamera pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo imayamba kuthyoledwa pakati pa masiku 60 ndi 90. Imadzalidwa mothithikana, masentimita 5 mpaka 10 mumzere, ndipo mitundu yoyanga imafuna timitengo toyangirapo. Adani ake ndi nsabwe za m'masamba ndi nthenda yoyeretsa masamba ngati athiridwa ufa. Mlimi akalakwitsa amataya miyezi itatu, n'kuyesanso chaka chotsatira pamalo ena mwa kasinthasintha.

Mbande ya paini imatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ku nazale. Ikaokeredwa pa mpata wa mamita 2.75 mbali zonse, hekitala imodzi imalowa mitengo pafupifupi 1,320. Zaka zoyamba imafuna kupaliridwa, kenako kusadzidwa nthambi kuti matabwa asachuluke mfundo, komanso kupatuliridwa kuti yotsalayo inenepe. Matabwa abwino amachekedwa pakatha zaka 25 mpaka 30. Mdani wamkulu ndi moto wolusa wa pakati pa Ogasiti ndi Novembala, womwe umatha kupsereza ntchito ya zaka khumi tsiku limodzi ngati njira zotchinga moto sizinalambulidwe.

Nkhalango ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndi umboni wa zimenezi. Gawo lake lalikulu linadzalidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 pofuna kupezera mitengo fakitale ya zopangira mapepala yomwe sinamangidwe. Pofika zaka za m'ma 2010, malo ambiri anali atatsala zitsa kaamba ka moto ndi kudula kopitirira kudzala. Mitengo yobwezeretsa siingafupikitse zaka zomwe paini amafuna kuti akhwime.

Kodi zingadzalidwe pamodzi?

Izi n'zotheka kwa kanthawi kochepa. M'zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, mitengo isanatseke dzuwa, mbewu zazifupi zikhoza kudzalidwa pakati pa mizere ngati dothi lili loyenera, ndipo kupalira mbewuzo kumathandizanso mbande. Nthambi zikakumana, mthunzi, masamba ogwa ndi mizu ya paini sizipatsanso mpata nsawawa. Mgwirizano uliwonse wolola anthu kulima m'nkhalango yatsopano uyenera kunena momveka chaka chomwe ulimiwo udzathe, kupewa mikangano.

Komanso paini sayenera phiri lililonse. Pa phiri la Mulanje, Pinus patula anafalikira yekha mpaka kulowerera malo a mkungudza, mtengo wa fuko lino, ndipo pakhala ntchito yomuchotsa.

Ntchito ya adindo

Pokonza mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo, ofesi za malimidwe ndi za nkhalango pa khonsolo zikuyenera kuyendera malowo limodzi ndi mafumu, ndipo dothi liyezedwe mbewu kapena mbande zisanagulidwe. Malo osatsetsereka kwambiri, achonde ndi oyandikira madzi asiyidwire nsawawa ndi mbewu zina za chakudya. Paini apite kumalo otsetsereka a dothi lakuya, kutali ndi akasupe, pomwe m'mphepete mwa mitsinje muzidzalidwa mitengo yachilengedwe monga katope ndi mbawa.

Bajeti ya paini isathere pa tsiku lodzala. Ikhale ndi ndalama zopalira, zosadzira, zopatulira ndi zolambula njira zotchinga moto chaka ndi chaka, komanso dzina la ofesi kapena komiti yomwe idzayang'anire mitengoyo mpaka idzachekedwe.