MWANABERE WOBISIKA M'MIMBA: MAKINA OJAMBULA AMAONA CHIYANI?

Munthu aliyense kuno ku Majaua amamudziwa mwanabere. Ukapweteka phazi kumunda, mawa lake kachotupa katuluka m'mphechepeche. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti timabere totere tiliponso tambiri m'kati mwa mimba, m'mbali mwa matumbo, momwe dzanja silingafike.

Khansa ya m'matumbo akulu ndi ya kunjira ya chimbudzi ikayamba kufalikira, nthawi zambiri imayambira kulowa m'timabere timeneti. Ndiye chifukwa chake dokotala akapeza chotupa m'matumbo safulumira kunola mpeni. Amafuna aone kaye kuti matenda afika pati.

Ekisire wamba sationetsa timabereti. Pamafunika makina akulu otchedwa CT, amene azaumoyo kuno ku Mozambique amati TAC. Wodwala amagona pakabedi kolowa m'chibowo, ndipo makinawo amajambula thupi m'zigawozigawo ngati mmene mayi amadulira chinangwa. Chotupa chikakhala kumunsi, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, makina a MRI ndiwo amaona bwino. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidalandira MRI mu 2008.

Komatu makinawa si mboni yosanama. Iwo amaona kukula ndi maonekedwe a mwanabere basi. Mwanabere angathe kutupa chifukwa cha TB kapena matenda ena, pomwe wina wamng'ono, wooneka wosalakwa, ali ndi khansa m'kati. Chigamulo chenicheni chimadza opaleshoni itachitika, akatswiri akaunika ndi maikulosikopu timabere tosachepera 12 tochotsedwa pamodzi ndi thumbo lodwalalo. Khansa ikapezeka ngakhale m'kamodzi, wodwala amafunikanso mankhwala a khansa.

Nanga ulendo wa ku Milange, kenaka ku Quelimane, ndi wongotaya ndalama za chimanga? Ayi. Chithunzicho chimaonetsanso ngati matenda afika kuchiwindi kapena kumapapo, ndipo chimathandiza madokotala kusankha ngati wodwala ayambe waotchedwa chotupacho ndi cheza, chithandizo chomwe chidayamba kuchipatala chachikulu cha Maputo mu 2019.

Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amafika mochedwa. Akaona magazi m'chimbudzi amati ndi kamwazi, likodzo kapena nthenda ya mudzi, n'kumamwa zitsamba miyezi ndi miyezi, manyazi ali thoo. Magaziwo akapitirira masabata angapo, thupi n'kumatha, chimbudzi n'kusintha, pitani kuchipatala cha Majaua mukapemphe kalata yokutumizani kutsogolo.