BUKU LIMODZI, ALEMBI AMBIRI

Abale anga a pa mgodi, ine ndine mabalane, kwathu ndi ku Liuli m'mbali mwa Nyanja ya Nyasa, kumene kuli manda a Archdeacon W. P. Johnson amene anamwalira mu 1928. Pa sukulu ya mishoni ndinaphunzira kuwerenga, koma ndinkayesa kuti nkhani za makina ndi za masiku a m'tsogolo amalemba ndi Azungu okha.

Tsiku lina mnzanga wa ku Nkhata Bay, tsidya la Mbamba Bay, anandibwereka buku la Cingerezi lochedwa Imagine Africa 500. Linasindikizidwa ku Lilongwe mu 2015. Amene anayambitsa nchitoyi ndi Bambo Shadreck Chikoti a ku Malawi, ndipo mkonzi wace ndi Bambo Billy Kahora a ku Kenya. M'menemo alembi a maiko osiyana analemba nkhani zazifupi, yense kuganizira m'mene Africa adzakhalira patapita zaka 500.

Ubwino wa buku lotere ndi uwu: liri ngati msika wa nsomba. Ulawa pano, ulawa apo, osataya ndalama zambiri. Nkhani ikakukanika uilumpha. Ikakukoma ulemba dzina la mwini wace. Motero ndinadziwa Muthi Nhlema wa ku Malawi ndi Dilman Dila wa ku Uganda, maina amene sindinawamvepo ndi kale lonse.

Pambuyo pace ndinafunafuna lina, AfroSF, limene Bambo Ivor Hartmann a ku Zimbabwe anasonkhanitsa mu 2012. Umo ndinapeza Nnedi Okorafor ndi Tade Thompson. Okorafor analandira mphotho ya Hugo mu 2016, ndipo Thompson analandira ya Arthur C. Clarke mu 2019. Onani, amene munthu uwapeza m'buku la nkhani zazifupi, mawa amveka dziko lonse.

Madzulo ndimawerengera anzanga m'komponi ndi kumasulira m'Cinyanja. Usiku wina mkulu wina wa kwathu anandidula mau nati, "Iwe mwana, kodi m'zaka zimenezo usipa udzakhalapo m'nyanja yathu?" Ndinasowa coyankha. Bambo anga ndi msodzi, ndipo m'kalata zao amadandaula kuti ukonde subwera wodzaza monga kale. Tinakambirana mpaka pakati pa usiku, ndipo tsiku limenelo palibe anapita ku mowa.

Funso la mkulu uja silicoka m'mutu mwanga. Sindinapeze nkhani yotere yonena za Liuli, kapena yolembedwa m'cinenero cathu. Ngati ife sitiganizira m'tsogolo mwa nyanja ndi midzi yathu, adzatiganizira ndani? Cifukwa cace ndagula kope, ndipo ndayamba kulemba pang'ono pang'ono ndikaweruka.

Inu amene mudziwa kuwerenga, bwerekani buku lotere, muwerengere ndi anzanu. Popita ku chuti mulitengere ana kumudzi.