Kujambula gitala pa kompyuta: muyambire pulogalamu iti?

Achinyamata angapo a mu kampu amene amaimba gitala kutchalitchi ndi pa maukwati akhala akundifunsa funso limodzi: akufuna kujambula nyimbo zawo pa laputopu, koma sakudziwa pulogalamu yoti ayambire. Ena anaononga kale ndalama ya data pokopera mapulogalamu akuluakulu amene anakana kutseguka pa makina awo akale. Ndalemba izi kuti ena asataye ndalama mwa njira yomweyo.

Kuno ku Bulawayo gitala ili ndi mbiri yaitali. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Hugh Tracey anajambula George Sibanda, woimba gitala wa mumzinda uno, ndipo nyimbo zake zinamveka mpaka kunja kwa Africa. Nthawi imeneyo munthu ankadikira mlendo wobwera ndi makina olemera. Lero laputopu yakale ndi mahedifoni zikhoza kugwira ntchito yomweyo, bola musankhe bwino.

Musanasankhe, yang'anani zinthu zitatu: kompyuta yanu ndi ya Windows kapena ya Apple, muli ndi intaneti nthawi zonse kapena mwa apo ndi apo, komanso gitala yanu ndi yamagetsi kapena yamabokosi.

Audacity

Kwa ambiri a ife iyi ndiye yoyambira. Ndi yaulere, inatuluka koyamba mu 2000, ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Mukaikopera kamodzi, simufunanso intaneti kuti muijambulire. Fayilo yake yoikira ndi yaing'ono, moti munthu mmodzi akhoza kuikopera n'kugawira anzake pa fulashi. Mumajambula gitala, kenako mawu pamzere wachiwiri, n'kudula pamene munalakwitsa. Chovuta chake n'chakuti siyabwino kwenikweni popanga ng'oma ndi kiyibodi za mkati mwa kompyuta.

Reaper

Iyi ndi ya munthu amene wazolowera kale Audacity ndipo akufuna kusakaniza zida zambiri. Imayenda bwino ngakhale pa kompyuta zofooka. Amalola kuiyesa kwa masiku 60, kenako laisensi ya munthu payekha ndi madola 60 a ku America. Ili ndi mabatani ambiri, choncho musayambire pomwepa ngati simunajambulepo.

BandLab ndi GarageBand

BandLab ndi yaulere ndipo imagwira pa foni komanso pa kompyuta, koma imafuna akaunti ndi intaneti, kutanthauza kuti data idzapita. GarageBand ndi yabwino kwambiri kwa oyamba kumene, koma imapezeka pa zida za Apple zokha, monga Mac ndi iPhone. Ngati mulibe chida cha Apple, musavutike kuifunafuna.

Pewani mapulogalamu obedwa amene ena amagulitsa pa fulashi akunena kuti ndi a "ma studio akuluakulu". Ambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo pa laputopu imodzimodziyo n'kutheka kuti pali zithunzi za mapepala anu ofunika ndi makalata a sukulu a ana. Kopani pulogalamu pa webusayiti yake yeniyeni basi.

Kulumikiza gitala

Gitala yamabokosi imafuna maikolofoni. Ikani maiki pafupifupi masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pamene khosi la gitala limakumana ndi thupi lake. Mukailozetsa pabowo lapakati, mawu amamveka ogunda kwambiri. Ngati mulibe maiki, jambulani ndi foni m'chipinda chachete n'kutumiza fayiloyo ku Audacity.

Gitala yamagetsi imafuna kabokosi kotchedwa audio interface, kamene kamalowa pa USB. Za kampani ya Behringer zimakhala zotsika mtengo kusiyana ndi za Focusrite. Musalowetse gitala mwachindunji pabowo la maiki la laputopu, chifukwa mawu amatuluka ofooka ndi aphokoso. Gulu la oimba likhoza kusonkherana ndalama n'kugula kabokosi kamodzi.

Pojambula

Valani mahedifoni pojambula mzere wachiwiri, apo ayi maiki idzatolanso mawu a mzere woyamba. Yang'anani kamzere koonetsa kukula kwa mawu: kazisewera pakati pa -12 ndi -6, kasafike pofiira. Mawu akaphulika pojambula, n'kovuta kwambiri kuwakonza bwinobwino.

Sungani ntchito yanu pafupipafupi. Chaka chatha ndinkathandiza kwaya ina kujambula pa kompyuta yopanda batire. Titaimba kasanu ndi kupeza bwino, magetsi anathima tisanasunge, ndipo tinayenera kuitanitsanso anthu onse tsiku lina. Tsopano ndimadina Ctrl ndi S ndikangomaliza gawo lililonse, ndipo ndimayamba ntchito batire ya laputopu itadzaza.

Mukamaliza, tulutsani nyimboyo kawiri. Fayilo ya WAV imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi imodzi. Imeneyi sungani pa fulashi ngati yoyambirira. Fayilo ya MP3 imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi. Imeneyi ndiye yotumiza kwa abale pa WhatsApp. Lembani dzina lanu ndi tsiku pa fayilo iliyonse. Amene akufuna kuti nyimbo zawo zitetezedwe angafunse ku ZIMURA kuno ku Zimbabwe, kapena ku COSOMA ku Malawi.

Malangizo anga ndi akuti yambani ndi Audacity, jambulani nyimbo imodzi yaifupi ya gitala ndi mawu, muimvetsere ndi anzanu. Mukajambula nyimbo zitatu kapena zinayi, mudzadziwa nokha ngati mukufunika Reaper kapena kabokosi ka USB, ndipo ndalama yanu idzapita pa chinthu choyenera.