Mfuti zitatu pakati pa manda

Ena mwa ife tinaonerapo kanema wa azungu okwera pa akavalo. Wina wotchuka ndi wa 1966, dzina lake The Good, the Bad and the Ugly. Kumapeto kwake amuna atatu aima pakati pa manda. Akulimbirana golide. Aliyense dzanja lili pafupi ndi mfuti. Woyamba kuwombera apha mmodzi, koma wotsalayo amupha iye. Wothawa amulasa kumsana. Ndiye angoima chilili, kuyang'anana.

Pa Chingerezi zoterezi amazitcha Mexican standoff. Mawuwa amawanenanso pa mkangano uliwonse umene palibe wopambana, palibenso wofuna kugonja.

Ife a ku Chidzolomondo tinaziona ndi maso, osati pa kanema. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inayamba mu 1977. Patapita zaka khumi, boma linali ndi matauni, Renamo inali m'madera ambiri akumidzi. Panalibe wotha kugonjetsa mnzake. Koma mfuti sizinakhale chete ayi. Minda inagonera. Anthu a ku Macanga, Tsangano ndi Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Othawira ku Malawi anakwana pafupifupi miliyoni imodzi.

Mu kanema muja Clint Eastwood anachenjera. Anali atachotseratu zipolopolo mu mfuti ya mmodzi, ndipo nkhani inatha m'mphindi zochepa. Yathu inafuna kukhala pansi. Zokambirana zinayamba ku Rome mu 1990. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere, ndipo othawa aja anayamba kubwerera kwawo.