Bulugama wa aneba akumwa madzi anu

Ku Chilomoni ndi ku Bangwe ndimaona mpiru wofota pomwe eni ake akuthirira m'mawa ndi madzulo, madzi ake ogula pakiyosiki. Wakubayo ndi bulugama wa aneba. Mizu yake imalondola chinyezi, ndipo imafika kutali kuposa mthunzi wake.

Kumbani ngalande pakati pa mtengo ndi bedi, yakuya kupitirira m'mawondo. Dulani mizu ing'onoing'ono ndi chikwanje chakuthwa, imikani lata lakale m'ngalandemo, kwirirani. Chaka chamawa fukulaninso, mizu siimva kamodzi. Koma mizu ikuluikulu ya patsinde ilekeni, mtengo ungadzagwere nyumba mphepo ikadzaomba ngati ya namondwe wa Freddy mu 2023.

Poloti ikachepa, ine ndimati dzalani m'matumba, muwakhazike pa njerwa.